Maliro a Chipani cha Atate

Ndikukumbukira tsiku limene ndinavina kumbuyo kwa bokosi la maliro mpaka thukuta kamukamu, ndikuimba ndi mawu anga onse, osadziwa kuti bokosilo likupita pakhomo pathu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, miyendo yowonda ngati bango, pakamwa posadziwa kutseka. Amayi ankati ng'oma italira kutsidya kwa mtsinje wa Kafue, ine ndikhoza kuwoloka osafunsa ngati muli ng'ona. Sankanama ayi.

Tinkakhala ku Kafue Estates, m'nyumba zija za mabanja awiri khoma limodzi. Mbali ino kunali ife a kwa Jere, Angoni. Atate anachokera kum'mawa kwa dziko lino ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo amayi ankagulitsa tomato ndi masamba kumsika wa m'tauni. Mbali inayo kunali banja la a Chisanga, Abemba a kumpoto. Bamboyo tonse tinkawatchula bashi Mwansa ndipo mayiyo bana Mwansa, potengera mwana wawo woyamba, Mwansa, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Khoma lathu linali lopyapyala moti munthu akayetsemula kwawoko, amayi ankayankha kuti pepani.

Amene sanakulire kuno ayenera kudziwa chinthu chimodzi. Mngoni ndi Mbemba ndi pachimbuya. Makolo awo anamenyana kalekale, ndipo nkhondoyo itatha, zotsala anazisiyira pakamwa. Mbuya wako akhoza kukunyoza pagulu iwe n'kumangoseka, chifukwa kukwiyira mbuya ndi kudzivula ulemu wekha. Ukaferedwa, mbuya ndiye amathamanga kudzagwira ntchito za pamaliro. Amakuthira ufa kumutu, amakuseka, amakuvutitsa mpaka nawe umwetulire pakati pa chisoni.

Choncho m'mawa uliwonse kwathu kunkayamba ndi nkhondo. Pampanda wa maluwa wolekanitsa mabwalo athu panali kampata, ndipo bashi Mwansa ankasuzumira pamenepo, mswachi uli m'kamwa.

"Mbuya, mwauka shani? Mbeba za mailo zagona bwino m'mimba?"

"Zagona bwino," ankatero atate akupukuta nsapato. "Nanga kolwe uja munadya, mchila mwasungila ndani?"

Ife a kum'mawa amatiseka kuti timadya mbewa, ndipo ife timawabwezera kuti iwo amadya anyani. Ndinamva mawu amenewa kuyambira ndili kumsana, ndipo sankatha kukoma.

Chimene chinasokoneza zonsezi ndi chisankho. Atate anali wapampando wa nthambi ya chipani cholamula m'dera lathu, ndipo pulezidenti wa nthawiyo ankamukonda ndi mtima wonse. Sikuti ankadya nawo za chipani. Zaka zonse zija, chimene anabwera nacho kunyumba chinali chipewa chimodzi ndi zitenje zokhala ndi nkhope ya mkuluyo. Koma tsiku lina pulezidentiyo asanakhale pampando anadutsa pasiteshoni ya sitima, n'kugwirana chanza ndi atate, n'kuwafunsa kuti ana ali bwanji. Basi, nkhani inathera pomwepo. Chithunzi chake chinali pabalaza pamwamba pa wayilesi ya kanema, ndipo ine ndinali ndi ntchito yochipukuta fumbi Loweruka lililonse. Akamayankhula pa nkhani za madzulo, ngakhale mphaka ankadziwa kuti si nthawi yolira.

"Dziko lonse lili naye," atate ankatero, akumenya patebulo. "Kulikonse kumene ndapita, anthu akuti apitirize."

Amayi ankangoti, "Kodi mwapita kuti, atate ake Esnati?" Esnati ndine. Ankafunsa motsitsa mawu, koma funsolo linali ndi minga. Atate ankapita kumisonkhano ya chipani chawo, kumene aliyense ankavala chipewa chofanana ndi chawo. Amayi ankakhala pamsika tsiku lonse, ankakwera minibasi kukapikula tomato ku Shimabala, ndipo ankamva zimene anthu amayankhula akaona mtengo wa ufa. Mtsogoleri yemwe uja amene anamuimbira nyimbo pomuika pampando, tsopano ankamunena pa chilichonse. Magetsi akazima, ndi iyeyo. Minibasi ikaphulika tayala, ndi iyeyo. Mayi wina mpaka anati nkhuku zake zasiya kuikira chifukwa cha boma. Amayi akafotokoza zimenezi, atate ankati ndi mabodza a kumsika.

Bashi Mwansa anali a chipani chotsutsa, ndipo sankabisa. Ntchito yawo ya kufakitale inatha zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo ankangopeza maganyu a apa ndi apo. Poyamba ndale zinangolowa m'nthabwala zawo ngati mchere mu ndiwo. Koma kampeni itatentha, madzulo ena nthabwala zinapsa. Ndinali pakhonde ndikusenda mbatata, ndipo ndinamva zonse. Bashi Mwansa anati atate anagulitsa mutu wawo ndi chipewa. Atate anayankha kuti amene akufuna kusintha boma ndi malova amene alibe chochita. Mawu onse awiri anagwera pabala. Panalibe amene anaseka.

M'mawa mwake atate anatenga lata lakale n'kutseka kampata kaja. Kuyambira pamenepo amuna awiriwo ankadutsana pamsewu ngati sanaonanepo. Amayi ndi bana Mwansa ankapatsana mchere mozemba kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndi Mwansa tinkadikirana pakona popita kusukulu. Kunyumba kunali zii m'mawa, ndipo zinkandiwawa kwambiri, ngakhale ndinalibe womuuza.

Tsiku lovota linadutsa mwabata. Kenako kunabwera masiku odikira zotsatira, atate atamatirira pawayilesi, osadya, osameta ndevu. Zotsatira zomaliza zinamveka masana, dzuwa likuswa mtengo. Sindinamve bwino mawu a wolengezayo. Chimene ndinamva ndi kukuwa kumene kunaphulika kuseri kwa khoma, kwa a Chisanga, kenako nyumba ina, kenako Estates yonse. Malikhweru, nthungululu, mahutala a galimoto, ziwaya zikumenyedwa ndi zipande! Atate anadzuka pang'onopang'ono, anazimitsa wayilesi, n'kukhalanso pansi.

Mwana wabwino akanakhala pambali pa atate ake. Ine mapazi anali atayamba kale kuyabwa. Za chipani sindinkazidziwa, koma phokoso lotere ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Mwansa atandikodola pazenera, ndinatulukira khomo la kukhitchini ngati mphepo.

Abale inu, tsiku limenelo tauni ya Kafue inapenga. Maminibasi ankayenda zitseko zili pululu, makondakitala atalendewera kunja akugwedeza nthambi za mitengo. Agogo ena ankavina pakati pamsewu, ndodo ili m'mwamba. Azimayi ankayala zitenje pansi kuti galimoto zidutsepo. Anthu osadziwana ankakumbatirana. Ndinaona mayi wina wogulitsa nsomba, amene sabata yomweyo anabwera kwathu kudzapempha chitenje cha chipani cha atate, atachitembenuza kuti nkhope iloze m'kati, akuvina kuposa onse. Nditamuyang'anitsitsa anati, "Iwe mwana, maso! Chitenge ni chitenge." Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka.

Tili pamashopu a ku Estates, inafika lole kuchokera m'tauni, itadzaza anyamata. Anatsitsa bokosi la maliro. Linali la makatoni ndi timatabwa, atalikuta ndi chitenje cha chipani chimene chagonja. Umu ndi mmene opambana amachitira kuno: chipani chikagwa, amachichitira maliro. Mwamuna wina anadzikulunga nsalu yoyala pabedi kuti akhale m'busa, atanyamula buku la sukulu mozondotsa. Azimayi ankalira mwachinyengo manja ali kumutu, kenako n'kudula chiuno. Nyimbo zinali za pamaliro zomwe zija, koma akuziimba mothamanga, ng'oma ikugunda mpaka m'chifuwa. Ine ndi Mwansa tinalowa pakati. Wina anandipatsa nthambi ya mango, ndipo ndinavina kumbuyo kwenikweni kwa bokosilo, fumbi lili m'mano, mtima uli m'mwamba. Sindidzanama, zinkakoma.

Zinayamba kusintha titafika panyumba ya mkulu wina wa chipani chogonjacho. Mwiniwake anali atathawa kale, zitseko zili zokhoma. Anyamata a pa lole aja, amene ambiri anali atalawa, anaika bokosi pakhomo n'kuyamba kuitana dzina lake. Atasowa woyankha, mwala unauluka. Galasi la zenera linasweka, anthu ena anakuwa mokondwa, ndipo miyala ina inatsatira. Anazula maluwa, anathyola geti. Azimayi ena anabwerera m'mbuyo, koma ng'oma sinasiye. Kenako mtsogoleri wa anyamatawo, wamtali, wa wezulo m'khosi, anakwera pachitsa.

"Apa tasiliza! Manje tiyende kuli ba Jere, ba cheyamani! Bakalandile malilo yao!"

Nthambi ija inagwa yokha m'manja mwanga. Ndinayang'ana Mwansa, iye anayang'ana ine. Ndinaona anyamata akutola miyala ina n'kuika m'matumba. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, kudutsa m'mabwalo a eni, kulumpha ngalande, agalu akundiuwa.

Ndinapeza mbiri yafika kale. Amayi anali atabisa ang'ono anga kuchipinda, ndipo anali atagwada pakhonde akuchonderera atate kuti atulukire kuseri, akakwere galimoto apite kwa amalume ku Shimabala mpaka zinthu zizizire. Atate anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa cha chipani chili kumutu, atakhala pampando moyang'ana kugeti.

"Sindipita kulikonse," anatero. "Nyumba ino ndi yanga. Sindinabe voti ya munthu. Abwere."

Ndinkawadziwa atate anga. Akanena choncho, ngakhale sitima sikanawasuntha. Ndinkadziwanso kuti mnyamata woledzera akawakhudza chipewa chija, adzamumenya mbama, ndipo zotsatira zake zinali m'matumba a anyamata aja. Ng'oma inkamveka kale kumsewu wachiwiri. Mantha anandigwira.

Sindidziwa chimene chinandituma. Ndinangozungulira mpanda n'kulowa kwa a Chisanga, kumene atate anatiletsa kupondako. Bashi Mwansa anali pabwalo atavala malaya a chipani chopambana, wayilesi ili paphewa, akuvina okha ngati mnyamata.

"Bashi Mwansa!" ndinakuwa, ulemu wonse nditauiwala. "Imwe muvina, bantu banu babwela na bokosi kuli atate! Bali na myala! Baphwanya kale nyumba ina!"

Anaima. Anatsitsa wayilesi pansi. Anamvetsera ng'oma ija, n'kuyang'ana lata limene linatseka kampata. Ndinaganiza kuti anena kuti walira mvula walira matope, atate ako azione. M'malo mwake anati, "Yenda mu kichini ya amai ako, ulete unga. Mbale ikulu, uzuze."

"Unga?"

"Iwe mwana wa bodya mbeba, matu yalibe nchito? Tamanga!"

Ndinathamanga ndikuganiza kuti chimwemwe chawasokoneza mutu. Ndili m'khitchini ndikutapa ufa m'thumba, ndinamva lata likugwa ndi phokoso. Potuluka ndinapeza bashi Mwansa ali pabwalo pathu akulamula ngati kwawo. Anauza akazi awo ndi amayi kuti atulutse mipando yonse ya pabalaza aiike panja, ayale mphasa, monga timachitira pakagwa zovuta. Amayi anawayang'ana kamphindi, nkhope yawo n'kuwala. Iwo anamva msanga. Anakunga chitenje n'kuyamba kukoka sofa.

Atate anaimirira, maso ali psu. "A Chisanga, chokani pakhomo panga. Mwabwera kudzandiseka?"

"Ee, nabwela kukusekani. Ni nchito yanga," anayankha bashi Mwansa. "Nkalani pansi. Wofedwa sakamba."

Atate asanayankhe, khamu linatulukira pakona, bokosi lili m'mwamba, fumbi lili koboo. Msewu wonse unadzaza. Bashi Mwansa anapita kukaima pageti, manja atatambasula. Malaya awo aja anawathandiza, chifukwa palibe akanati ndi mdani. Anakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Imani apo! Ng'oma izime! Mwabwela pa malilo, si so? Mwachita bwino. Aya ni malilo ya mbuya wanga, ndiye wolamula pano ndine. Bokosi ikani pa mipando apo, bwino bwino. Bamuna uku, bakazi pa mpasa. Visote chosani! Munakulila kuti imwe, pa malilo muimilila monga muli pa stesheni?"

Anthu anayang'anana. Ena anayamba kuseka. Azimayi achikulire, amene mwambo uli m'magazi, anangopezeka akhala pamphasa. Bashi Mwansa analoza mnyamata wina amene anali ndi mwala m'manja.

"Iwe, uyo mwala ni chopepesa? Kwanu mupepesa na myala? Ika pansi, amai ako nibaziba."

Mwala unagwa, anthu anaseka chikhakhali. Koma wa wezulo uja sanakondwe. Anabwera kutsogolo, fungo la mowa lili patsogolo pake.

"Ba mudala, osatisokoneza. Aba bantu batizunza maningi. Lelo baone."

"Uyu?" anatero bashi Mwansa akuloza atate. "Uyu akuzunza iwe? Zaka zonse izi chipani chinamupasa chisote chabe, olo njinga alibe. Ngati ni kumulanga, nisiyileni ine. Mngoni salangiwa na mwana. Esnati, leta!"

Ndinapita ndi mbale ija. Bashi Mwansa anachotsa chipewa kumutu kwa atate, chipewa chimene ngakhale amayi sankachikhudza, anatapa ufa ndi manja awiri n'kuwakhuthulira pamutu. Ufa unatsikira kumaso, m'makutu, pajekete la kutchalitchi lija.

Atate anaima ali mbuu, chibakera atakunga. Ndinali pafupi moti ndinkaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda. Amuna awiriwa anali asanayankhulane kwa milungu yambiri, ndipo mawu omaliza amene anauzana anali achipongwe chenicheni. Atate akanakweza dzanja lija, sipakanakhalanso chimbuya, pakanakhala wa chipani ichi akumenya wa chipani icho, pamaso pa anyamata a miyala m'matumba.

Atate anayang'ana bashi Mwansa m'maso nthawi yaitali. Kenako chibakera chinamasuka. Anatsika pakhonde, anakhala pansi pa dothi, miyendo atatambalitsa ngati mayi wamasiye, manja kumutu.

"Mayo ine! Ndatsala ndekha ine! Andisiyira ndani ine!"

Khamu linaphulika. Sindinamvepo kuseka kotero. Anthu ankagwirana mapewa, ena ankagubuduka pa udzu. Nthungululu zinalira, ng'oma inayambiranso. Ngakhale wa wezulo uja anayesa kuumitsa nkhope, koma inamukanika. M'busa wa nsalu ya pabedi anaimirira pambali pa bokosi n'kuyamba ulaliki, kuti malemuyu anadwala nthawi yaitali matenda osamva za anthu. Anatsekula bokosi kuti tione nkhope, ndipo m'katimo munali dzungu. Azimayi anafola kudzagwira atate chanza, aliyense akuti, "Pepani ba Jere, ni njila ya tonse." Amayi ndi bana Mwansa anatulutsa ndowa ya munkoyo, chakumwa chathu chija cha ufa ndi mizu, makapu akuyenda dzanja ndi dzanja. Ndinaona anyamata akukhuthula matumba mwakachetechete m'mbali mwa mpanda, chifukwa munthu sungakhale bwino pansi uli ndi miyala m'thumba. Mtima wanga unadumphadumpha ndi chimwemwe, ndinkafuna kuvina ndi mbale yomweyo.

Ndinali ndikadaima pambali pa atate pamene ndinaona chinthu chimene ena sanachione. Pa ufa wa kumaso kwawo panayamba kuoneka timizere tiwiri takuda, kuchokera m'maso kutsikira kuchibwano. Kulira kwawo kunali kutasintha. Mawu aja oseketsa anali atatha, kunatsala kulira kochokera pansi pamimba, mapewa akugwedezeka. Atate anga, amene sindinawaonepo akugwetsa msozi ngakhale pamaliro a mchimwene wawo, ankalira zenizeni. Ankalirira munthu wawo uja wa pachithunzi, ndi zaka zonse zimene anamukhulupirira, ndi dziko limene ankati lili naye pamene linali litamusiya kalekale. Chimwemwe changa chinazima, ndinamva chisoni ndi mantha pamodzi. Anyamata aja akanazindikira, akanawaseka kuseka kwina, kumene munthu sadzukanso nako pagulu.

Bashi Mwansa anaona nawonso. Anasuntha n'kuima pakati pa atate ndi anthu, msana wawo utaphimba. Anatapa ufa wina m'mbale mwanga n'kuyamba kuwapaka kumaso, pa timizere tija, pang'onopang'ono ngati mayi akudzoza mwana mafuta. Pakamwa pokha ndiye pankakuwa kuti onse amve.

"Onani Mngoni alila! Mbeba zonse za mu Kafue zamvela, lelo zigona na mutendele!"

Anthu ankafa nako kuseka. Koma atawerama kuti atapenso ufa, ndinawamva akunong'ona, mawu amene anafika kwa atate ndi kwa ine basi.

"Lilani, mbuya. Nili pano. Kulibe azaona."

Timizere tikaonekanso, ankatikwiriranso. Anachita choncho mpaka mbale inatsala pang'ono kuuma, nthabwala zikutuluka imodzi pambuyo pa inzake, mpaka mapewa a atate anakhazikika. Atatero anawomba m'manja n'kuuza anthu kuti manda ali kutali, anyamule thupi dzuwa lisanalowe. Bokosi linakwera m'mwamba, khamu linatuluka pageti likuimba, ndipo ambiri potuluka ankatsanzika atate mwaulemu. Panyumba pathu sipanasweke ngakhale kapu.

Pabwalo patatsala ife tokha, amayi anabweretsa beseni la madzi. Bashi Mwansa ndiwo ankathira, atate akusamba kumaso. Kenako atate, akupukuta m'makutu, anati, "Munthu wanuyo mudzatopa naye. Ndikukuuzani ine."

"Tikatopa naye tizamuchosa, monga tachosa wanu," anayankha bashi Mwansa.

Anakokera mipando pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukangana za misewu, za mtengo wa feteleza, za amene ananama kwambiri pa kampeni. Anakangana mpaka amayi anawaitanira chakudya, ndipo anadya mbale imodzi akukanganabe. Palibe amene anasintha maganizo, tsiku limenelo kapena pambuyo pake. Atate anakhala a chipani chawo mpaka imfa, bashi Mwansa chimodzimodzi.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndili ndi chipani changa chimene ndimachiikira kumbuyo mpaka mawu kusasa. Pakamwa paja sipanatsekebe. Ndaona atsogoleri akuimbiridwa nyimbo polowa, anthu omwewo n'kuwatukwana potuluka, ndipo nanenso ndaimbapo ndi kutukwanapo. Sindinaphunzire kuti ndale n'zachabe, ayi. Zikanakhala zachabe atate sakanalira. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu wa mbali inayo, amene timamutcha wogulidwa kapena wopusa, nthawi zambiri amakhulupirira ndi mtima wake wonse, ndipo akagonja zimamuwawa ngati waferedwa. Wopambana amakhala ndi mphamvu yosankha chochita ndi ululu umenewo, kuuonetsa kwa anthu kapena kuuphimba. Chisankho chikatha ndipo mbali yanga yapambana, chala changa chikamayabwa pafoni kuti ndinyoze mnzanga wa kuntchito amene wagonja, ndimanyoza ndithu, pakuti ndine mwana wa chimbuya. Koma ndimayamba ndamuyang'ana kumaso.

Anthu onse aja anabwerera kwawo akunena kuti a Jere ndi katswiri wa sewero, ndipo nkhaniyo inakambidwa mu Estates zaka zambiri, atate akumwetulira osatsutsa. Anapita kumanda chinsinsi chawo chili chosungika. Tinkachidziwa anthu awiri okha, ine mwana wawo, ndi munthu amene anadzuka m'mamawa kukavota kuti pulezidenti wa atate achoke.